Chining'a, mvekero, kapandamneni: ndizisiyanitse bwanji m'ndime yangayi?

Wongoyamba_Kulemba walemba:

Moni akuluakulu. Ndikuphunzira kulemba nkhani zazifupi. Matanthauzo a mawu monga chining'a, mkuluwiko, mvekero ndi kapandamneni ndidawaloweza, koma ndikayang'ana ndime yeniyeni ndimasowa kuti ichi n'chiti. Nayi ndime yomwe ndalemba:

"Mvula itasiya, nyumba yonse inali zii. Mwana wang'ono uja adayang'ana dwii pakhomo, m'tima wake ukugunda ngati ng'oma. Mayi ake adamutsina khutu kuti asatsegule. Kunja mphepo inkagogoda pazenera, ikupempha kulowa."

Mafunso anga ndi atatu. "Adamutsina khutu" ndi chining'a kapena mkuluwiko? "Zii" ndi "dwii" ndi mfuwu kapena mvekero? Nanga "mvula itasiya" ndi nthambi ya chiganizo kapena kapandamneni? Ngati mwaona zolakwika zina musandibisire, ndikufuna kuphunzira.

Mkonzi_wa_Zolemba walemba:

Mwachita bwino kubwera ndi ndime yanuyanu, chifukwa zinthu zimenezi sizidziwika ndi tanthauzo loloweza. Chilichonse chili ndi kayesedwe kake. Ndiyankha funso loyamba ndi nsinjiro zina za chiyankhulo zomwe zili m'ndimemu, za malamulo a chiyankhulo ndisiyira ena.

Tengani mawu amene akukukayikitsaniwo, muwasinthe mwini ndi nthawi. "Adamutsina khutu" mungathe kunena kuti ndakutsina khutu, tidzawatsina khutu, mukadanditsina khutu, ndipo tanthauzo loti kuchenjeza munthu mwamseri silikuchoka. Mawu olola kupindidwa chonchi, amenenso tanthauzo lake simungalipeze pongophatikiza matanthauzo a "tsina" ndi "khutu", ndiwo chining'a. N'chifukwa chake zining'a zambiri timazitchula moyamba ndi ku-: kulemba m'madzi, kutsamira dzanja, kuona msana wa njira, kugwiritsa fuwa lamoto. Chining'a chimalowa m'kati mwa chiganizo chanu n'kumvera mwininkhani wanu, ndipo pachokha chilibe langizo.

Mkuluwiko sulola zimenezo. "Mutu umodzi susenza denga" ndi chiganizo chathunthu, chili ndi phunziro lake, ndipo chimanenedwa momwemo nthawi zonse. Mukati "mitu iwiri idasenza denga dzulo" mwaupha mkuluwiko, yatsala ndi nkhani ya denga basi. Ndiye yankho lanu ndi lakuti "kutsina khutu" ndi chining'a.

Komabe pamene mwachiyikapo pali vuto. Muli mayi ndi mwana m'chipinda chimodzi, mwanayo akufuna kuchita choletsedwa. Wowerenga aona zala za mayi zili pakhutu la mwana, chifukwa pamenepa kutsina kwenikweni n'kotheka. Chining'a chimagwira bwino pamalo poti tanthauzo lapamwamba silingatheke, monga "mnzake adamutsina khutu palamya kuti akumufunafuna". Palamya palibe angatsine mnzake. M'ndime yanu sankhani chimodzi: ngati mayi adachenjeza, lembani "adamunong'oneza", ngati adatsinadi, siyani momwemo koma dziwani kuti si chining'anso.

"Ukugunda ngati ng'oma" ndi chifanifani, ena amati ntchedzero. Chizindikiro chake ndi kamawu kofananitsa, ngati kapena monga. Mukachotsa kamawuko n'kunena kuti "mtima wake udali ng'oma", mwapanga chiyerekezo: simukunenanso kuti zikufanana, mukunena kuti ichi ndi icho. Pachifanifani chilichonse dzifunseni kuti mwabwerekako khalidwe liti. Ng'oma ikubwereketsani phokoso lalikulu, gulu la anthu ndi chisangalalo, pomwe ndime yanu ndi ya bata ndi mantha. Ikulimbana ndi "zii" amene mwayamba naye. Onjezeraninso kuti mtima wogunda ngati ng'oma walembedwa kambirimbiri, diso la wowerenga limangodutsapo. Yesani "ukugunda ngati wa mbalame yogwidwa m'manja". Mwapezamo kuchepa, kufulumira ndi kusowa kothawira, zitatu zonse za mwanayo.

Chiganizo chomaliza chili ndi umunthu, kupatsa chinthu chomwe si munthu zochita za munthu. "Inkagogoda" payekha akadakayikitsa, poti nthambi ya mtengo nayo imagogoda, koma "ikupempha kulowa" ndiye watsimikiza, pakuti chopempha chiyenera kukhala ndi chifuniro. Ine pandime yonseyi ndakonda pamenepa. Ngati kutsogolo kwa nkhani kubwere munthu wodzagogodadi pakhomo, mphepo imeneyi ikhalanso kalozera, ndiye kuti kanthu kooneka kakang'ono komwe kakulosera zodzachitika.

Aphunzitsi_a_Malamulo alemba:

Ndionjezere pa zomwe anena a Mkonzi. Funso lachiwiri kayesedwe kake n'kosavuta: chotsani liwulo muone chomwe chawonongeka. Mfuwu umatuluka m'kamwa mwa woyankhula posonyeza kudabwa, ululu kapena chisoni: Mayo! Ha! Kalanga ine! Umayima pambali, ndipo mukauchotsa chiganizo chimatsala chathunthu. Mvekero umajambula maonekedwe, kamvekedwe kapena kachitikidwe ka chinthu chomwe chikunenedwacho: kuda bii, kuyera mbee, kufiira psuu, kutulukira balamanthu. Chotsani "zii" m'chiganizo chanu, mutsala ndi "nyumba yonse inali", chiganizo choduka. Kayesedwe kena ndi koyika "kuti" patsogolo pake. "Adayang'ana kuti dwii" zikumveka, "adayang'ana kuti kalanga ine" sizikumveka. Onse awiri ndi mivekero.

Ophunzira ambiri amaganiza kuti mvekero ndi phokoso lokha, monga "phi" wa chinthu chogwa. Ayi. "Dwii" alibe phokoso, "zii" ndiye kusowa kwa phokoso kumene. Ndiponso mvekero uliwonse uli ndi aneni ake oyenda nawo. Simungalembe "kuyera bii" kapena "kuthamanga dwii".

Tsopano nthambi ndi kapandamneni. Dzina lakelo likunena kale: kapandamneni ndi kagulu ka mawu kopanda mneni. Choncho choyamba funani mneni. "Mvula itasiya" muli mneni "itasiya" ndi mwininkhani wake "mvula", motero ndi nthambi ya chiganizo. Chachiwiri, inenedwe payokha. Munthu akangoti "mvula itasiya" n'kukhala chete, womvera afunsa kuti "ndiye zidatani?" Ikudikira inzake, choncho ndi nthambi yosayima payokha, ndipo poti ikuyankha funso loti "liti", ikugwira ntchito ya muonjezi wa nthawi. Kachizindikiro kake ndi -ta- ali m'kati mwa mneniyo. Sinthani kuti "mvula idasiya", yayima payokha. Akapandamneni m'ndime yanu ndi awa: "mwana wamng'ono uja", "ngati ng'oma", "nyumba yonse".

Samalani ndi "ngati", ali ndi ntchito ziwiri. Mu "ngati ng'oma" akufananitsa. Mu "ngati mvula yasiya, tipita" ndi mlumikizi woyambitsa nthambi yonena zoyenera kuchitika kaye. Poona "ngati" musathamangire kulemba kuti chifanifani.

Pali chinthu china chokoma pa "kuti asatsegule". Mtundu wa nthambi imeneyi ukudalira zomwe a Mkonzi anena zija. Ngati mayi adatsinadi khutu, nthambiyi ikuyankha funso loti "n'cholinga chanji", ndiye ndi ya muonjezi wa cholinga. Ngati adachenjeza, ikuyankha funso loti "adamuchenjeza chiyani", ndiye ikugwira ntchito ya dzina. Mawu omwewo, ntchito ziwiri, malinga ndi tanthauzo la mneni amene ali patsogolo.

Zolakwika ndaona ziwiri. Choyamba ndi "wang'ono". Masinde ochepa monga -ng'ono, -kulu, -tali, -fupi ndi -wisi amatenga agwirizanitsi awiri, osati mmodzi: mwana wamng'ono, ana aang'ono, mtengo waung'ono, tsamba laling'ono, chingwe chaching'ono, nyumba yaing'ono, nyumba zazing'ono, kamwana kakang'ono. Onani kuti pa mwana ndi pa mtengo mgwirizanitsi woyamba ndi "wa", koma wachiwiriyo ndiye amawasiyanitsa, m kwa gulu la Mu-, A- ndi u kwa gulu la Mu-, Mi-. Mukalemba "wang'ono" mwameza amene amasonyeza gulu.

Chachiwiri ndi nkhodolero ya mu "m'tima". Siyikufunika. Nkhodolero imayikidwa pomwe "mu" wa malo wafupikitsidwa, monga m'nyumba, m'madzi, m'manja. Pomwe "ndi" wafupikitsidwa, monga n'zoona. Komanso pa ng' wa mu ng'oma ndi ng'ombe, yemwe si chidule koma liwu lapalokha losiyana ndi ng wa mu ngozi. Mtima, mtengo, mnyamata, mtsikana salandira nkhodolero, ndipo pofuna kunena malo timati mumtima, mumtengo. Mayina ochepa monga m'bale ndi m'busa amayilandira pofuna kusonyeza kuti m akutchulidwa payekha. Yerekezani m'bale, mbale ndi m'mbale: wachibale, chiwiya, ndi m'kati mwa chiwiyacho. Kachizindikiro kamodzi kasiyanitsa zinthu zitatu.

Wongoyamba_Kulemba walemba:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, za "wamng'ono" sindinkazidziwa n'komwe. Ndifunsenso zitatu. Pogawa mneni ngati "adamutsina", ndimasokoneza mphatikiram'mbuyo ndi mphatikiram'tsogolo. Komanso n'chifukwa chiyani timati "tsegulira" koma "gogodera"? Nanga "uja" ndi "wake" ndi afotokozi kapena alowam'malo?

Aphunzitsi_a_Malamulo alemba:

Simuli nokha, mayina awiriwa amasokoneza ambiri, chifukwa munthu amaganiza kuti chomwe chayamba kulembedwa ndicho chili kutsogolo. Ganizani za dzanja lanu polemba. Likuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndiye kutsogolo ndi komwe likupita. Chomwe chaphatikizidwa kumayambiriro kwa tsinde mwachisiya kale m'mbuyo: ameneyo ndi mphatikiram'mbuyo, monga chi- mu chingwe. Chomwe chili kumapeto ndi mphatikiram'tsogolo, monga -nso mu bweranso kapena -yo mu nyumbayo.

"Adamutsina" mugawe motere. A- ndi mgwirizanitsi wa mwininkhani, akuloza mayi. -da- akusonyeza nthawi yakale. -mu- ndi mgwirizanitsi wa pamtherankhani, akuloza mwana. Awiri apakatiwa ndiwo aphatikiram'kati. Chotsala, "tsina", ndi tsinde, ndipo mukachotsa a wakumapeto mutsala ndi muzu, -tsin-. Njira yopezera tsinde ndi kulamula munthu mmodzi: tsina, tsegula, gogoda. Aneni a phatikizo limodzi okha ndiwo amachita zosiyana, poti polamula amatenga i- poyamba: imwa, ipha, igwa, pomwe masinde ake ndi -mwa, -pha, -gwa. Ndondomeko ya tizigawoti siyisintha. "Si" wokana amayamba, kenako mwininkhani, nthawi, pamtherankhani, tsinde: si-ti-dza-mu-tsina. A wakumapeto uja amasanduka e pofunira kapena poletsa, n'chifukwa chake mwalemba "asatsegule" osati "asatsegula".

Funso la tsegulira ndi gogodera ndi la msintho wa aneni, ndipo lamulo lake n'lolimba. Yang'anani lembo laliwu lomaliza la mu muzu. Likakhala a, i kapena u, msintho umatenga i: manga, mangira, mangitsa, mangidwa, mangika, tsegula, tsegulira, tsegulidwa. Likakhala e kapena o, umatenga e: lemba, lembera, lembetsa, lembedwa, lembeka, gogoda, gogodera, gogodetsa. Aneni a phatikizo limodzi onse amatenga e: pha, phera, phedwa, gwa, gwera, gwetsa, mva, mvera, mveka. Msintho wa -ana suvutitsa chifukwa susintha: onana, tsinana, lemberana.

Pamenepa pamatulukiranso lamulo la l ndi r. M'malamulo a kalembedwe amene Chichewa Board idatulutsa mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990, r amabwera pambuyo pa e kapena i, pomwe l amabwera pambuyo pa a, o, u. N'chifukwa chake timalemba tsegula koma tsegulira, l ndi r m'liwu limodzi. Lamuloli siligwira pomwe l ndi woyamba wa tsinde: chilango, ndili, tilembe.

Wolemba nkhani asamale kwambiri kusiyana kwa msintho wochitidwa ndi wochitika. "Chitseko chidatsegulidwa" chikunena kuti alipo adatsegula, ngakhale simunamutchule. "Chitseko chidatseguka" sichiloza munthu. M'nkhani ya mantha ngati yanuyi, kusankha pakati pa awiriwa ndiko kuuza wowerenga ngati kunjako kuli munthu kapena ndi mphepo chabe.

Za "uja" ndi "wake", funsani ngati dzina lili pambali pake. "Mwana uja" dzina lilipo, ndiye "uja" ndi mfotokozi woloza. "Uja wabwera" dzina palibe, "uja" walowa m'malo mwake, ndiye ndi mlowam'malo. Chimodzimodzi "mtima wake" ndi "wake ukugunda". Pakati pa mfotokozi ndi muonjezi, sinthani dzina muone. Mfotokozi amasintha nalo: mwana wabwino, chingwe chabwino, nyumba zabwino. Muonjezi sagwedezeka: mwana wagona bwino, chingwe chamangidwa bwino, nyumba zamangidwa bwino.

Wandakatulo walemba:

Anzanga anena zambiri zothandiza. Ine ndisiyaneko pang'ono ndi a Mkonzi pa malire a chining'a ndi chiyerekezo, chifukwa si mpanda wolimba choncho. Chining'a chilichonse chidayamba ngati chiyerekezo cha munthu wina, anthu n'kuchitengera mpaka onse adachizolowera. Kusiyana kwake kwa wolemba ndi uku: chining'a simungachipeke kapena kuchisintha mawu, "kutsina mphuno" si kuchenjeza ngakhale mphuno ili pafupi ndi khutu, pomwe chiyerekezo mumapanga nokha ndipo udindo woti chimveke uli pa inu. Umunthu nawo ndi chiyerekezo ndithu, kungoti choyerekezeracho nthawi zonse ndi munthu. Pamayeso tchulani dzina lenileni, umunthu, koma polemba dziwani kuti ndi banja limodzi, ndipo mukadzaza onse m'ndime imodzi amapikisana. Ndime yanu ya ziganizo zinayi ili ndi mivekero iwiri, chifanifani, chining'a ndi umunthu. Zachuluka. Chiganizo chimodzi chosakometsera, chongonena zomwe mayi adachita, chipatsa mpata mphepo ija kuti imveke.

Chomwe sichinatchulidwe ndi nthawi ya aneni. Mwalemba "inali" kenako "adayang'ana". -na- ndi -da- onse amamveka ponena zakale, koma m'nkhani imodzi sankhani mmodzi n'kukhala naye mpaka kumapeto. "Inkagogoda" ndi wina, ameneyo musamusinthe: -nka- akusonyeza kuti ntchitoyo idapitirira kapena idabwerezedwa. "Idagogoda" ndi kamodzi, "inkagogoda" ndi kosalekeza, ndipo chopempha kulowa sichigogoda kamodzi.

Chiganizo choyamba ndingachisinthenso. Chichewa chimalola malo kukhala mwininkhani, ndi agwirizanitsi ake pa-, ku-, mu-: pakhomo pali mdima, kunja kukuzizira, m'nyumba muli anthu. "Nyumba yonse idali zii" ikumuyimika wowerenga panja akuyang'ana nyumba. "M'nyumba monse mudali zii" yamulowetsa m'kati, pomwe pali mwanayo. Apa ndi pomwe malamulo a chiyankhulo amakumana ndi nkhani ya mfotokozankhani. Wanu ndi woyima pambali, amati "adayang'ana" osati "ndidayang'ana", koma akudziwa za mumtima mwa mwana. Mwasankha kuti tione zinthu kudzera mwa mwanayo, ndiye m'ndime yotsatira musalumphire mwadzidzidzi m'maganizo a mayi. Za mayi tizione kunja kokha, nkhope yawo, manja awo, zonena zawo, monga momwe mwana angazionere. Ambiri ongoyamba amaterereka pamenepa, ndipo wowerenga amasowa mtengambali woti amutsatire.

Chinanso ndi pakhomo. Pakhomo ndi malo olowera, ndiponso mawuwa amatanthauza panyumba ponse, pomwe chomwe chimatsegulidwa ndi chitseko. Mwana ali m'kati ndipo akuletsedwa kutsegula, ndiye chomwe akuchiyang'ana dwii ndi chitseko. Mneni "asatsegule" ndi woyambukira, amafuna pamtherankhani, ndipo mukatchula chitseko msanga wowerenga safunsanso kuti asatsegule chiyani.

Ndikaphatikiza zonse zomwe zanenedwa, ndimeyi ingaoneke chonchi:

"Mvula itasiya, m'nyumba monse mudali zii. Mwana wamng'ono uja adayang'ana chitseko dwii, mtima ukugunda ngati wa mbalame yogwidwa m'manja. Mayi ake adamugwira paphewa. 'Usatsegule,' adanong'ona. Kunja mphepo inkagogoda pazenera, ikupempha kulowa."

Onani zizindikiro pa mawu a mayiwo. Mawu enieni otuluka m'kamwa amakutidwa ndi mitengero, mpatuliro umakhala m'kati mwa mitengeroyo, ndipo "adanong'ona" amayamba ndi lembo laling'ono poti chiganizo sichinathe. Mfuuliro sindinayikepo dala, munthu wonong'ona safuula. Ndachotsanso "wake" pa mtima, chifukwa mwini mtimayo tamutchula kale m'chiganizo chomwecho, ndipo "wa" amene ali mu "wa mbalame" akuimira mtima womwewo popanda kuubwereza.